Kawaya kakuoneka pachilonda cha opaleshoni ya mtima, tithandizeni maganizo

Nachisale wa ku Santhe
Madzulo abwino abale nonse a pagulu pano. Pepani ndilemba zambiri, mtima wanga suli m'malo. Mng'ono wanga anachitidwa opaleshoni ya mtima ku India mu 2022, anamuika valavu yachitsulo, kachitseko ka mumtima, chifukwa yake inali itawonongeka ndi matenda aja oyamba ndi zilonda zapakhosi. Chibwerereni wakhala bwinobwino, mpaka anayambiranso geni yake ya mtedza. Koma kuyambira nthawi yokolola chimanga, m'munsi mwa chipsera chachikulu chija, pamene fupa la pachifuwa limathera, panatuluka kachithupsa. Kamaphulika, kutuluka mafinya, kuuma, kenako n'kuyambiranso. Kuchipatala chaching'ono chakwathu kuno akhala akumupatsa makapisozi ndi mapiritsi, koma akangomaliza kumwa chilonda chimabwerera. Lero ndikumutsuka ndaona kanthu kopyapyala, kolimba, kooneka kuti ndi kawaya, kakusuzumira pakati pa chilondacho. Amayi akuti tingokagwira ndi chodulira zikhadabo n'kukakoka kuti chilonda chipole. Ine ndati tiyeni tifunse kaye. Alipo anaonapo zotere?

Anesi aNabanda
Chonde chonde aNachisale, musakoke. Musakadule, musakakankhire m'kati. Phimbani ndi bandeji yoyera basi. Ndili pa kabaza, ndikafika kunyumba ndilemba bwino.

aPhiri a ku Chamama
Mverani anesiwo mayi. Ine ndili nako kawaya koteroko m'chifuwamu chiyambire 2017 ndipo sikanandivutepo, ndimalima fodya ngati kale. Kusiyana kwake n'kwakuti kanga kali chete m'kati, ka mng'ono wanuyo katulukira panja ndi mafinya. Zikatero si za kunyumbanso ayi.

Bambo a Yamikani
Koma abale zinthu zina zimapweteka. Munthu kudikira zaka pa mndandanda wa boma kuti apite kunja, kukafika kumeneko n'kumuiwalira waya m'chifuwa? Amenewa ndi ofunika kuwatengera kukhoti. Akanakhala mwana wa bwana akanachita zimenezi?

Anesi aNabanda
Ndafika. Bambo a Yamikani mkwiyo wanu ndikuumva, koma apa sanaiwale kanthu. Ndifotokoze pang'ono.

Akamaliza kukonza mtima, asanatseke chifuwa, madokotala amasokerera timawaya topyapyala pamwamba pa mnofu wa mtima, kawirikawiri tiwiri kapena tinayi, nsonga zinazo n'kuzitulutsira pakhungu m'munsi mwa chifuwa. Chifukwa chake n'chakuti mtima wongochitidwa kumene opaleshoni umatha kuyamba kugunda pang'onopang'ono kwambiri kapena mosokonekera, makamaka pa opaleshoni ya valavu, poti njira imene mphamvu yogunditsa mtima imadutsa ili pafupi ndi mavalavuwo ndipo pamakhala potupa. Zikachitika amangolumikiza timawayato ku kabokosi ka batire kokhala pambali pa bedi, kabokosiko n'kumagunditsa mtima mpaka utakhazikika. Ndi timawaya topulumutsa moyo timeneti.

Pakapita masiku ochepa, nthawi zambiri sabata isanathe, amatichotsa pokoka mofatsa kwambiri, wodwala atagona, akumuyang'anira kagundidwe ka mtima. Koma kena kamakana kutuluka, kamakhala katagwira mnofu. Lamulo lake pamenepo ndi lakuti osalimbana nako. Ukakoka mwamphamvu umatha kung'amba mtima kapena mtsempha, magazi n'kudzaza m'kathumba kokuta mtima, mtima n'kulephera kugunda chifukwa chopanikizika. Munthu amatha kufa m'kanthawi kochepa. Ndiye amakakoka pang'ono, kukadula pakhungu penipeni, chotsalacho n'kubwerera m'kati. Izi zimachitika m'zipatala za mtima dziko lonse lapansi, kwa olemera ndi osauka omwe.

Tsono ganizirani, chimene madokotala anaopa kukoka ali ndi fiyeta pafupi, inu mukachikoke pakhonde ku Santhe, munthu wake akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana.

Nachisale wa ku Santhe
Mayo ine. Ndawawerengera amayi, angoti kakasi. Chodulira zikhadabo chija ndabisa.

Bambo a Yamikani
Chabwino anesi, ndamva kuti sanaiwale. Nanga bwanji osamuuza mwini thupi? Munthu azikhala ndi chinthu m'chifuwa osadziwa?

Anesi aNabanda
Pamenepo ndiye tili limodzi bambo. Wodwala ndi gadiyani wake ayenera kuuzidwa m'chilankhulo chimene akumva, ndipo zilembedwe m'buku lake la kuchipatala. Akanauzidwa, bwenzi tsiku loyamba lomwe kachithupsa kanatuluka atanena yekha kwa adokotala kuti pamenepa pali waya, miyezi yonseyi sikanatayika.

aPhiri a ku Chamama
Ine anandiuza, koma n'chifukwa choti mwana wanga amene anandiperekeza ndi wofunsa mafunso. Vuto lathu ambiri pagulu pano ndi lakuti tinachitidwira kutali. Ena ku India, ena ku Salam Centre ku Khartoum nkhondo ya 2023 ija isanayambe, ena ku Dar es Salaam. Amene anatsegula chifuwa ali kutsidya la nyanja, amene akukuona ukadwala ndi wa kuno amene sanaliko. Chowalumikiza ndi mapepala aja anatipatsa potuluka. ANachisale, afufuzeni mapepalawo, musasiye ngakhale limodzi.

Nachisale wa ku Santhe
Alipo, ali mu sutikesi. Ndawajambula ndawatumizira anesi kumbali.

Anesi aNabanda
Ndawaona. Zinalembedwa pa tsamba lachitatu, kamzere kamodzi, kuti mawaya awiri anadulidwa pakhungu. Tsamba limenelo mulipinde pakona kuti mukawaonetse msanga.

aMbewe ojambula
Moni nonse, ndimangowerenga. Ine ntchito yanga ndi yojambula X-ray, ndiye ndionjezere mbali yanga. M'chifuwa cha munthu wochitidwa opaleshoni ya mtima mumapezeka mawaya amitundu iwiri, ndipo anthu amawasokoneza. Oyamba ndi okhuthala, opotedwa, ondandalikana kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi pa fupa la pakati pa chifuwa. Amenewo ndi omangira fupa limene analicheka, ndipo amakhala moyo wonse mwa aliyense. Achiwiri ndi timene anena anesiti, topyapyala, pachithunzi timaoneka topindikapindika pafupi ndi mthunzi wa mtima. Mitundu yonse iwiri ikhoza kuyambitsa chilonda chosapola. Malo amene mwatchulawo akufanana ndi potulukira timawaya ta batire, komabe chithunzi ndiye chinene. Akajambule chakutsogolo ndi cham'mbali. Madokotala akafuna kuona bwino pamene nsonga yam'kati yafika komanso ngati mafinya alowa kuseri kwa fupa, amapempha CT scan, kujambula koonetsa m'kati mwatsatanetsatane, imeneyo ndi ya ku Central ku Lilongwe. Ngati muli ndi X-ray yakale ya 2022 mutenge, timayerekeza kuti tione ngati waya wasuntha.

Make Tadala
Wasuntha?? AMbewe mukuti waya amayenda m'thupi? Mwana wanga anachitidwa opaleshoni ali ndi zaka 9, pano ali Fomu 2. Sindikudziwa n'komwe ngati anamusiyira kapena ayi. Thupi langa lazizira.

aMbewe ojambula
Pepani mayi, sindinafune kukuopsezani. Zimachitika koma mwa apo ndi apo kwambiri. M'mabuku a madokotala muli nkhani za timawaya timene tinapezeka titasuntha patapita zaka, kena m'mapapo, kena mumtsempha waukulu wopita kumapapo, kena m'mimba. Amazilemba chifukwa choti n'zachilendo. Anthu ochuluka zedi ali ngati aPhiri, amakalamba nako osamva kanthu.

Make Tadala
Nanga si bwino kungopita kuti akachotseretu chisanachitike kanthu? Ine ndingagulitse mbuzi.

Anesi aNabanda
Mbuzizo zisungeni Make Tadala. Kawaya kokhala chete sakachotsa, chifukwa kukafunafuna pafupi ndi mtima n'koopsa kuposa kukasiya. Chofunika ndi kudziwa basi ngati kalipo. Onani m'mapepala ake, ngati mulibe, tsiku limene mudzapite kukliniki ya mtima mudzafunse, X-ray imodzi imayankha. Mukadziwa, muzinena paliponse pamene wapita kuchipatala. Akatupa kapena kutuluka mafinya m'munsi mwa chifuwa, akamamva kubaya pamalo amodzi kosatha, akamatentha thupi koma malungo osapezeka, akatsokomola magazi, muwakumbutse adokotala za opaleshoniyo ndi za wayayo.

Za kutsokomola magazi ndinenepo kawiri. Kuno munthu akatsokomola magazi tonse timaganiza TB, ndipo n'zoona ayezetse makhololo. Koma akakhala wa opaleshoni ya mtima, asayambe mankhwala a TB mongoganizira osawauza kuti amamwa warfarin. Rifampicin amene ali m'mankhwala a TB amafooketsa warfarin kwambiri, magazi n'kuyamba kuundana pa valavu. Amene ali ndi TB yeniyeni amamwa ndithu, koma INR, muyezo wa mmene magazi akuchedwera kuundana, imayezedwa pafupipafupi ndipo mlingo wa warfarin amausintha.

aMbewe ojambula
Komanso akadzalembedwa MRI, kujambula kwa makina a maginito amphamvu, tsiku lina, anene asanalowe m'chipindamo. Nthawi zambiri timawaya tifupitifupi todulidwa kale sitiletsa kujambula, koma chiganizocho apange ndi ojambulawo ataona mapepala, osati kubisa.

Make Chikondi wa ku Nkhamenya
Ine nkhawa yanga ili kwina aNachisale. Kumudzi anthu akangomva kuti m'thupi mwa munthu mwatuluka waya, mukudziwa kale zimene anene. Mawa lomwe kubwera azakhali ndi nkhani yoti mwana waponyeredwa, tiyeni kwa asing'anga akachotse. Sindikunyoza chikhulupiriro cha wina aliyense, koma ndinaona ndi maso anga mwana wa mlamu wanga, womwa warfarin yemweyu, atamutema mphini pachifuwa. Magazi sanaleke usiku wonse, tinachita kuthamanga naye pa ngolo. Muwakonzekere anthu amenewa.

Nachisale wa ku Santhe
Mwalasa Make Chikondi. Amalume anayamba kale kunena kuti ndi anzake a pamsika akumuchitira nsanje geni. Koma poti pepala lanena kuti waya anaikidwa ndi madokotala, ndikawaonetsa ndi kuwawerengera.

Funso lina anesi. Amayi akuti bwanji tidikire mwezi uthe, achimwene alandire ndalama za fodya wawo ku Chinkhoma, ndiye tipite ku Lilongwe tili ndi kanthu m'manja. Poti chilondachi wakhala nacho kale miyezi.

Anesi aNabanda
Ndisanayankhe ndifunse. Akutentha thupi? Akutuluka thukuta usiku? Akudya bwino? Akupuma bwanji akayenda? Ndipo kulira kwa valavu kuja, kumene mumamva mukakhala naye pafupi usiku, kukumveka ngati kale?

Nachisale wa ku Santhe
Valavu ikulira bwinobwino, ndangomvetsera. Kupuma alibe vuto. Koma sabata ino wakhala akunjenjemera madzulo, ife timati ndi kuzizira kwa June kuno. Anayezetsa malungo Lolemba sanawapeze. Kudya wachepetsa, akuti nsima sikukoma.

Anesi aNabanda
Basi, za kudikira fodya zatha. Mawa m'mawa mukhale pachipatala cha boma pa Kasungu, akakulembereni kalata yopita ku Kamuzu Central.

Ndikuuzeni chimene ndikuopa, osati kuti ndi chimene chilipo. Tizilombo timamatira pa waya ngati ndere pamwala wa kudambo, n'chifukwa chake mankhwala amangophwetsa mafinya koma akatha chilonda chimabwerera. Sichingapole wayayo ali pomwepo. Ndipo tizilombo tomweto tikalowa m'magazi timakonda kukakhala pa valavu yachitsulo. Matenda amenewo ndi aakulu, amafuna jakisoni wa m'mitsempha kwa milungu pafupifupi 6 munthu ali m'chipatala, ena mpaka opaleshoni yachiwiri. Akagwidwa msanga amachizika. Munthu wa valavu yachitsulo amene akunjenjemera, malungo osapezeka, ali ndi chilonda cha mafinya pachifuwa, sitimugoneka pakhomo.

Mukakafika mukanene zinthu zitatu mosazungulira: ali ndi valavu yachitsulo, amamwa warfarin, ndipo pepala likuti anamusiyira mawaya. Mupemphe ayeze INR. Ku Central akatenga magazi okafufuza tizilombo, ndipo ndi bwino atengedwe asanayambe mankhwala ena atsopano, ndiye usiku uno musamugulire makapisozi pagolosale. Akamuunikanso mtima ndi makina aja a echo.

Mankhwala amene wamwa posachedwapa ndi ati?

Nachisale wa ku Santhe
M'buku alemba Bactrim, wamaliza dzana. Ulendo wapitawo anali Flagyl ndi ena. Ululu ukakula amamwa Brufen wogula.

Anesi aNabanda
Brufen asiye lero. Iye, diclofenac ndi anzake sayenderana ndi warfarin, amatulutsa magazi m'mimba. Panado yekha. Bactrim ndi Flagyl onse amawonjezera mphamvu ya warfarin, ndiye INR yake ikhoza kukhala itakwera. Wa valavu yachitsulo ya mitral, ya kumanzere kwa mtima, timafuna ikhale pakati pa 2.5 ndi 3.5. Muonetsetse nkhama, mkodzo ndi chimbudzi ngati muli magazi kapena chimbudzi chakuda bii. Mukaona zimenezo, kapena akakomoka, akabanika, mbali imodzi ya thupi ikafooka, musadikire kuti kuche. Koma warfarin musamusiyitse panokha, zimenezo akanena ndi adokotala akaona zotsatira.

aPhiri a ku Chamama
Apa ndiye pamandiwawa ine. Ife a warfarin tiyenera kumanena tokha tisanalandire mankhwala alionse, ngakhale pamzere pali anthu ambiri ndipo adokotala akuthamanga. Ine ndinalemba ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku langa. Aliyense wolitsegula amayamba waona.

Bambo a Yamikani
ANachisale, Lachinayi m'bandakucha ndikupita ku Kanengo ndi galimoto, kutsogolo kuli malo a anthu awiri. Mukapeza kalata mawa mundiimbire. Za mafuta musaganize.

Anesi aNabanda
Zikomo bambo, koma akakawauza kuti apite mawa lomwelo kapena akawapatsa ambulansi, asadikire Lachinayi.

Bambo a Yamikani
Ndamva anesi. Zikatero ndiwatumizira ya minibasi pa Airtel Money. Ena amene angathe tiyeni tisonkhe, ku Lilongwe gadiyani amafunika makala ndi ufa.

Make Tadala
Yanga yochepa ndatumiza pa Mpamba. Mchemwali wanga ali ku Area 25, ngati mungafune pogona kapena pochapira mundiuze.

Nachisale wa ku Santhe
Abale ndilibe mawu. Mulungu akudalitseni. Koma ndifunse komaliza, kodi akamutsegulanso chifuwa chonse? Iye akulira, akuti za ku India zija sangazipirirenso kachiwiri.

Anesi aNabanda
Muuzeni kuti nthawi zambiri sizifika pamenepo. Ngati vuto lili pansi pa khungu pokha, adokotala a opaleshoni amatsegula malo aang'ono pachilondapo, kutsata wayayo, kuchotsa amene angachotsedwe bwinobwino kapena kumudulira m'kati pamene pali pabwino, n'kutsuka mafinya. Amachitira ku fiyeta, INR atayitsitsa kaye mwadongosolo, nthawi zina amamuika pa jakisoni wa heparin m'masiku amenewo kuti valavu isaundane magazi. Akatha amamuyang'anira kwa maola angapo kuopa magazi otayikira m'kati. Zikaoneka kuti nsonga yalowa pakuya kapena valavu yakhudzidwa, ndiye imakhala nkhani ya akatswiri a mtima, ndipo adzakufotokozerani okha. Sindingakulonjezeni zimene sindinaone, koma kupita msanga ndi kumene kumachepetsa kukula kwa opaleshoni.

Make Chikondi wa ku Nkhamenya
Tikupemphererani usiku uno. Mutenge zofunda zokwanira, m'mawodi mukuzizira nyengo ino.

Nachisale wa ku Santhe
Mwaswera bwanji abale. Pepani ndinali chete, foni inathera moto. Pa Kasungu anatilandira bwino, atangoona pepala lija ndi chilonda anatilembera kalata, tinafika ku Lilongwe tsiku lomwelo. INR anaipeza ili pamwamba pa 5, ndiye warfarin amuimitsa kaye iwo eni ndipo akuyeza tsiku ndi tsiku. X-ray yaonetsa timawaya tiwiri, kamodzi ndi kamene katulukaka, kena kali phee malo ake ndipo akuti sakakhudza. Mawaya a fupa ali bwino. Echo ya dzulo akuti valavu ikutseguka bwino ndipo sanaonepo chomera, koma adzaunikanso chifukwa zotsatira za magazi sizinatuluke. Ayamba jakisoni wa m'mitsempha, usiku wathawu sananjenjemere. Za kufiyeta akuti INR ikatsika ndi CT scan ikachitika.

aMbewe ojambula
Nkhani yabwino. Zithunzi zonse zimene ajambule muzisunge pamodzi ndi mapepala a ku India, ndipo potuluka mupemphe alembe m'buku kuti kawaya kamodzi katsala, mbali iti.

Make Tadala
Ambuye alemekezeke. Ine ndafufuza mapepala a Tadala, za mawaya sanalembe chilichonse. Ndidzafunsa ku kliniki mwezi wamawa pokalandira jakisoni wake wa benzathine woteteza mtima.

Anesi aNabanda
Pa jakisoni mwina sangakuyankheni Make Tadala, funsani tsiku loonana ndi adokotala a mtima, ndipo mutenge X-ray yakale ngati ilipo. ANachisale, mwadya inuyo? Gadiyani akagwa wodwala amavutika.

Nachisale wa ku Santhe
Ndadya anesi, achemwali a Make Tadala anabweretsa nsima ndi nyemba. Vuto ndi lakuti ana anga ndawasiya okha ndi agogo awo ndipo wamng'ono akutsegula m'mimba. Ngati alipo wochokera ku Santhe kapena ku Kasiya amene akubwera ku Lilongwe Loweruka, anditengereko achemwali athu aakulu adzandilandire kuno masiku awiri. Ali ndi katundu wochepa, thumba la ufa ndi ndowa basi.